Ulalo wa ku Mtanthira

Mvula itangokata, gulu la opalasa njinga linayambanso kukumana Loweruka m'mamawa pamalo omwetsera mafuta, potulukira m'tauni ya Chipata. Anali anthu a malipiro a pamwezi, ovala zipewa zolimba ndi makabudula omata thupi, moti ana a m'midzi akawaona ankaitanizana kuti adzaone akuluakulu oiwala mathalauza. M'tauni imene njinga imanyamula nkhumba, zitseko ndi amayi opita kusikelo, iwowa okha ndiwo anali ndi njinga zosanyamula kanthu.

Zelipa ndiye anayamba kufika. Pagulu lonselo ndi iye yekha amene mwezi unkangomuthera osamusiyira kalikonse. Anali ndi digiri ya zankhalango imene inkagona musutikesi kunsi kwa bedi la amayi ake ku Kapata, komanso njinga imene Lawrence, mtsogoleri wa gululo, adamubwereka n'kuiwala dala kuitenga. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene enawo analibe: nkhalango. Phiri la Mtanthira, kuseri kwa Madzimoyo, linali la mbumba ya amayi ake, ndipo woliyang'anira anali amalume ake, aEnoch Phiri, mphunzitsi wopuma ntchito. Mapiri oyandikana nalo adametedwa mpala kalekale. Ili lokha ndilo linali lidakali ndi tsitsi lake la mombo, mitondo, misuku ndi miwanga.

Chaka chimene chimanga chidapsa m'minda, abale adayamba kulankhula za nkhwangwa. Zelipa adapita kukagwada pakhonde la amalume ake n'kuwapempha kuti adikire. Adawauza kuti nyengo yozizira ikafika kudzabwera opalasa njinga ochokera ku Lusaka ndi ku Lilongwe, anthu amene amayenda ulendo wautali kuti akangogwa m'thengo la eni. Adati alendowo adzagona m'mudzimo, adzadya nkhuku za m'mudzimo, ndipo adzabweranso chaka ndi chaka malinga mitengo ilipo. AEnoch adamvetsera mpaka kumapeto, monga ankachitira ndi ana a sukulu oyankha molakwa koma molimba mtima, kenako adati, "Chabwino, Naphiri. Tidikira alendo akowo."

Loweruka limeneli linali tsiku lokaona mmene mvula yasiyira tinjira tawo, alendowo asanaitanidwe.

"Mayi wa nkhalango!" anakuwa Fainess akupatuka pamsewu, mabuleki akulira ngati mwana wa mbuzi. Fainess anali namwino, ndipo ankati amapalasa njinga kuti aziona anthu akuvulala iye asali pantchito. "Wadya, kapena tikukankhanso pokwera?"

"Ndamwa tiyi."

"Wophika ndi chiyani? Kwathu magetsi anachoka osatsanzika, mpaka lero sanatumize ndi moni yemwe."

"Mbaula ilipo," anatero Zelipa, n'kuwerama kumagwiragwira tcheni ngati pali chokonza.

Lawrence anafika pamodzi ndi anyamata awiri a kuntchito kwake kubanki. Anali munthu wamtima wabwino, wa mtundu uja umene sungaone mwana akulira osamugulira chinthu choti chimutsegule m'mimba. Anayendera matayala a aliyense ndi chala, anapemphera mwachidule, ndipo ananyamuka.

Mumsewu waukulu ankakumana ndi njinga za makala zolowera m'tauni, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake. Eni akewo ankapalasa ataimirira, malaya atanyowa, pa njinga za giya imodzi. Ankapereka moni kwa a zipewa zolimbawo mwaulemu umene anthu amapereka kwa odwala. Masiku ena Zelipa ankayang'anitsitsa makalawo n'kumaganizira phiri limene achokera. Lero sanayang'ane. Anangoona kuti njingazo zachuluka.

Atapatuka pamsewu wa phula, anadutsa m'minda ya mtedza ndi mpendadzuwa mpaka anafika pakhwawa.

Khwawalo limazungulira tsinde la Mtanthira ngati lamba. Ndi lakuya, makoma ake ndi oima, ndipo kalekale munthu wofuna bowa kapena masuku ankatsika akugwira mizu n'kukwera kutsidya akukwawa. Gululi litayamba kubwera lidayala thabwa limodzi pamalo opapatiza, thabwa lotambalala ngati phazi la munthu wamkulu. Kuwoloka pamenepo uli panjinga ndiwo unali ubatizo wa gululo. Onse adabatizidwa kupatula Zelipa. Iye akafika pathabwa mantha ankamugwira. Ankatsika, n'kusenza njinga paphewa, n'kuwoloka chammbali ngati nkhanu, anzake ali kutsidya akuyang'ana mitambo mwaulemu.

Lawrence sadathe kupirira nazo. Mvula isanayambe adati pakati pa alendo odzabwerawo padzakhalanso ena amantha, ndipo sibwino kuti mwini nkhalango azilowa kwawo ngati wakuba. Adasonkha, adaitana kalipentala, adagula mitengo ya bulugamu yonenepa ngati ntchafu, naumanga ulalo woti ngakhale wamantha awoloke atatsinzina. Thabwa lakale adalisiya m'mphepete mwa ulalowo, litayalidwabe pakhwawa, kuti likhale chikumbutso. Tsiku limenelo Zelipa adawoloka atakwera, anzake akuwomba m'manja, ndipo adaseka mpaka misozi. Chithunzi cha tsikulo chinali chidakali pa foni yake.

Lero anafika pa ulalowo ali m'mbuyo mwa onse, napeza anzake ataima, phazi limodzi pansi.

Pamatabwa panali mizere iwiri yakuda, yotalikirana bwino, yochokera tsidya lino kukafika tsidya linalo. Pakati pa mizereyo panali ndowe za ng'ombe, zina zouma, zina za m'mawa womwewo. M'ming'alu ya matabwa munadzaza fumbi lakuda.

Zonse zimene adaphunzira kuyunivesite zinamubwerera nthawi imodzi, mochedwa ngati basi ya ku Chipangali. Thumba la makala pamutu silingatsike khwawa n'kukweranso. Ngolo siingawoloke pathabwa limodzi. Nkhani yake inali yomweyo basi, ndipo inalibe mawu ovuta oti munthu achite kuloweza.

"Mwina amatuta mchenga chabe," anatero Lawrence.

"Mchenga wa pamwamba pa phiri," anatero Fainess. "Wakuda."

Palibe anaseka. Zelipa anawoloka. Ulalowo sunagwedezeke n'komwe.

Kutsidya, mkwaso wa ngolo unakhotera kum'mawa, pamene kanjira kawo kanakhotera kumadzulo n'kuyamba kukwera. Analowa mumthunzi. Zonse zinali mmene adazisiyira. Mombo unali utatseka kumwamba, dzuwa likungodontha apa ndi apo. Pansi pankanunkha masamba onyowa ndi bowa wowola. Udzu unali utakula m'mbali mwa kanjira, ukukwapula miyendo ndi mame. Anatsitsa magiya mpaka kotsiriza n'kumakwera pang'onopang'ono, chifuwa chili pafupi ndi hendulo kuti tayala lakutsogolo lisadzuke. Pamizu yopingasa, munthu ankayenera kuleka kupalasa kamphindi, kunyamula kutsogolo, kenako kukankha ndi mphamvu tayala lakumbuyo lisanaterereke. Mmodzi wa anyamata a kubanki analephera, nagwa chammbali mofatsa ngati thumba la ufa, ndipo Fainess anamufunsa ngati akufuna kalata ya kuchipatala yokaonetsa kwa abwana.

Apo anthu anayambanso kuseka. Ngakhale Zelipa anamva chiyembekezo chikubwerera mwakachetechete, ngati galu amene wangothamangitsidwa kukhitchini. Mwina adangodula pang'ono m'munsi. Mwina ndi mitengo yogwa yokha ndi mphepo. Anatchera khutu kuti amve nkhwangwa, koma ankangomva mtima wake ndi njiwa.

Pamwamba pa phiri pali thanthwe pamene ankapumirapo. Anamwa madzi, anagawana nthochi, kenako anatsitsa zishalo za njinga kukonzekera kutsetsereka. Kanjira kotsikira kum'mawa adakatcha Mchira wa Buluzi, chifukwa kamapindika mosayembekezeka ndipo kamatha kukusiya m'manja uli ndi kachidutswa chabe.

M'nkhalangomo munalibe zikwangwani. Zelipa adakana kuti akhomere misomali m'mitengo kapena kuipaka penti, choncho gululo lidaloweza njira ndi mitengo yomwe. Pa msuku wa mphanda, bweza thupi kumbuyo kwa chishalo chifukwa kukubwera miyala yotsika ngati masitepe. Pa mitondo iwiri yoyandikana, pinda zigongono, hendulo imangokwana ndendende. Pa muwanga wopsa mbali imodzi, gwira mabuleki onse, chifukwa kuseri kwake njira imathyokera kumanzere ndipo kutsogolo kuli phompho. Amene ali patsogolo amakuwa dzina la mtengo, wotsatira amalikuwira wam'mbuyo mwake, mpaka lifike kwa wotsiriza. Palibe amene ankawerenga mamita. Munthu ankangodikira mtengo wake.

"Ine patsogolo," anatero Fainess akumanga chipewa. "Abanki amatsika ngati akuperekeza maliro."

Ananyamuka mmodzimmodzi, Zelipa kumapeto monga mwa masiku onse. Mphepo inayamba kulira m'makutu. Njinga inkadumpha pansi pake ngati mwana wa ng'ombe, iye ataimirira pa zopondera, mawondo ofewa, chala chimodzi pa buleki iliyonse.

"Msuku!" Mawu a Fainess anamveka kutali m'munsi.

"Msuku!" anatero Lawrence.

"Msuku! Msuku!"

Zelipa anabweza thupi kumbuyo. Miyala inadutsa pansi pake, gu, gu, gu, mano akugundana.

"Mitondo!"

"Mitondo!"

Anapinda zigongono. Makungwa anamupukuta paphewa. Tsopano kanjira kanawongoka n'kuyamba kuthamanga, ndipo iye anayamba kudikira liwu lotsatira. Analidikira. Kutsogolo kunkawala modabwitsa, ngati nyumba imene mphepo yaisasula denga. Liwu lija silinabwere. M'malo mwake anamva "Mayo!" kenako chitsulo chikugubuduka pamiyala, kenako mabuleki a anthu atatu akulira pamodzi.

Mantha ake omwe aja ndiwo anamuimitsa bwino. Anatsika, nagoneka njinga, nathamangira kutsogolo.

Muwanga panalibe. Panali chitsa chofika m'mawondo, chodulidwa mozungulira ndi nkhwangwa, pamwamba pake pali poyera ngati mbale. Fainess adadikira mtengo umene kunalibe, ndipo pamene ankazindikira kuti wafika pokhota anali kale m'malere. Anamupeza m'munsi mwa phompho, atagona chagada pamulu wa nthambi zofota. Zinali nthambi za muwanga womwewo, zimene odula adazitaya kumeneko poona kuti n'zazing'ono. Zikanapanda izo akanagwera pamiyala.

"Musandigwire," anatero Fainess, maso ali kumwamba. "Lawrence, chotsani manja, pano si pakauntala. Miyendo ili bwino. Khosi lili bwino. Dzanja ili ndilo lapita." Anapuma mwamphamvu. "Mtengo uja wapita kuti?"

Onse anali atatembenuka kuyang'ana kumunsi.

Kuchokera pachitsa paja mpaka kukhwawa, mbali yonse ya kum'mawa inali mbee. Zitsa zinali ponseponse ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba. Pakati pa zitsazo panali mauvuni a makala, milu italiitali yokwiriridwa ndi dothi, ina ikufuka utsi woyera m'mbali, ina itafukulidwa kale n'kusiya mabala akuda panthaka. Kanjira kawo kankaonekabe, kakupindikapindika pakati pa zitsa, kakuzemba mitengo imene kunalibe.

Anamutulutsa Fainess m'nthambimo, namukhazika pamwala. Iye mwini ndiye ankalamula: anawauza kuti athyole timitengo tiwiri towongoka, amange ndi chubu chakale, china achikoleke m'khosi. Dzuwa linali litakwera. Thukuta linkatsika pankhope yake, milomo itayera.

"Ndipezereni mthunzi," anatero. "Mutu ukuzungulira."

Lawrence anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza. Chapakati pa chipululucho panatsala kachilumba ka mitengo italiitali, yobiriwira, yosakhudzidwa ndi nthambi imodzi yomwe. "Apo. Tiyeni timunyamule."

"Kumanda uko," anatero Zelipa.

Dzanja la Lawrence linatsika lokha. Kumanda salowako popanda maliro, ndipo saloza n'komwe.

"Basi, ndidikira," anatero Fainess atatsinzina. "Mthunzi umenewo ndidzaupeza tsiku lake."

Kuchokera kuseri kwa uvuni wina kunatulukira munthu wachikulire wovala jekete ndi chipewa cha nsalu, ambulera ili m'manja. Ankayenda mosamala pakati pa zitsa, ngati akuyendera mizere ya ana pa mayeso. Zelipa anatulutsa msanga chitenje m'chikwama chake chakumsana, nachimanga pamwamba pa kabudula, nagwada paphulusa.

"Muli bwanji, amalume?"

"Ndili bwino, Naphiri, kaya iwe? Kunyumba adzuka bwanji mlongo wanga?"

"Adzuka bwino."

AEnoch anapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, osadumpha. Atafika pa Fainess anatambasula ambulera naigwira pamwamba pa mutu wake, iwo n'kutsala padzuwa. Anapepesa chifukwa cha ngoziyo. Anati ngolo ikubwera posachedwa, imunyamula mpaka kumsewu.

Zelipa anali adakali chogwada. "Amalume, munati mudikira."

"Ndinadikira. Ine ndiye ndikudikirabe mpaka pano." Anasintha dzanja logwira ambulera. "Ndinawaitana anyamata onse a mbumba, ndinawauza kuti mwana wathu wophunzira wapempha, musadule. Anavomera bwinobwino, akuwomba m'manja. Palibe anandinyoza. Kutacha, ngolo inawoloka."

"Simunawaletse?"

"Ndinawaletsanso. Anavomeranso." Ananena zimenezi mopanda mkwiyo. "Amalume anga ankaletsa phiri lino, ndipo anthu ankati ndi munthu woopsa, mawu ake sagwa pansi. Inenso ndinkadziyesa wotero. Kuletsa kunali kokoma, Naphiri, pamene khwawa linkatithandiza. Ndiye a midzi ina atamva kuti ku Mtanthira ngolo ikulowa, nawonso anayamba kubwera. Apo ndinati, ngati phiri likupita, kuli bwino lipite m'mimba mwa eni ake. Nkhokwe ndi zopanda kanthu. Ukudziwa wekha."

Kenako anatembenukira kwa Lawrence, nawerama pang'ono. "Koma ulalo uja, bambo, ndi ntchito ya manja. Ngolo yodzaza siugwedeza. Amayi oyembekezera a tsidya lino akukuthokozani kwambiri."

Lawrence anavula chipewa, nachivalanso. "Tikhoza kuuphwasula," anatero, akuyang'ana Zelipa. "Lero lomwe. Tili anthu okwanira. Tingozula matabwa, mitengo ija tiigwetsere m'khwawa."

"Phwasulani, bwana!"

Anali mawu ochokera kumunsi, pamodzi ndi kulira kwa magudumu. Ngolo inkakwera pakati pa zitsa, ng'ombe ziwiri zikupuma mwaphuma, ndipo woyendetsa anali Clement, mwana wa aEnoch, msuweni wake wa Zelipa, bambo wa ana anayi wakuda ndi makala mpaka m'zikope.

"Phwasulani ndithu. Ife tamanga kale wina kumunsi uko, pafupi ndi dimba. Tinaonera kwa inu mmene mumayalira miyala pansi pa mitengo. Kale tinkangoti sizingatheke." Analumpha pansi, naona Zelipa, nkhope yake n'kuwala. "Aa, mkazi wanga! Wabwera kudzandiona? Taona mmene wawondera, m'tauni sakukudyetsa. Bwera kuno ndikukwatire, ndine munthu wa bizinesi tsopano."

Masiku onse Zelipa ankamubwezera chipongwe cha pachisuweni, kumuuza kuti ayambe wasamba. Lero anangolunjika pa funso lake.

"Kumbali ya kumadzulo mufika liti?" anafunsa.

Clement anayang'ana atate ake, kenako ng'ombe. "Tikamaliza kuno. Kusanatenthe." Anakanda m'mutu. "Alendo ako aja auze afulumire. Akabwera msanga apeza ilipo."

"Mungasiyeko m'mbali mwa kanjira? Mitengo yokhayo yoyandikana ndi njira, uku ndi uku."

"Imeneyo ndiye yosavuta kututa," anatero Clement, osati mwankhanza, koma ngati munthu amene akukuuza kuti kunja kukugwa mvula.

"Amalume."

"Ndinena," anatero aEnoch. "Ndiwaitana onse, ndinena."

Zelipa anayang'ana nkhope yawo. Anaona kuti adzanenadi, ndipo anyamata adzavomera akuwomba m'manja.

Lawrence anali atapita pambali, manja m'chiuno. Mtima wake wabwino unkafunafuna pogwira. "Komatu taonani," anatero. "Tsopano tauni yonse ikuoneka. Uko ndi ku Kanjala. Alendo amakonda malo oonera patali. Ndipo popanda mizu, kanjira aka kakhala kothamanga kwambiri. Tikhoza kuika zikwangwani pazitsa."

"Lawrence," anatero Fainess pansi pa ambulera, "khalani chete. Dzanja likundiwawa kawiri."

Nkhani yophwasula ulalo inathera pomwepo, chifukwa ulalowo ndiwo unali njira yapafupi yomutulutsira Fainess. Clement anasanja matumba a makala m'ngolo, nasiya malo pakati, nayala masamba. Anamukweza mosamala, njinga yake yopindika gudumu anaiika pamwamba. AEnoch anamupatsa ambulera kuti apite nayo, adzabweza akachira.

Ngolo ili pafupi kunyamuka, aEnoch anakodola Zelipa. Pambali pawo panali kathumba ka feteleza kodzaza makala, kosokedwa pakamwa ndi luzi.

"Ukapereke kwa mlongo wanga. Ndamva kuti m'tauni magetsi kulibe."

Zelipa anayang'ana kathumbako. Mphatso ya amalume yopita kwa mlongo wawo si ya mwana kuti aikane. Si yake n'komwe. Anagwada, nalandira ndi manja awiri.

"Zikomo, amalume. Ndikapereka."

Clement anazungulira njinga yake akufuna pomangira, kenako anaseka mpaka kugwira ng'ombe. "Njinga ya mtengo wa ng'ombe yamkaka, yopanda keliyala! Mkazi wanga, anakuberani." Komabe anatenga mphira, nakhazika kathumbako pachitsulo cha pakati, nakamanga mwaluso kuyambira kuhendulo mpaka kuchishalo. "Upalase miyendo ili tang'a. Usathamange. Iwe kuthamanga sumakudziwa kale."

Anatsika phirilo potsata mkwaso wa ngolo, chifukwa kanjira kawo panalibe amene ankakafunanso. Ngolo patsogolo, ambulera ikugwedezeka pamwamba pa matumba, abanki pambuyo pake, Zelipa kumapeto. Utsi unkawawa m'maso, ndipo zimenezo zinamuthandiza, chifukwa aliyense ankapukuta maso.

Pa ulalo anaima kuti ngolo iyambe yawoloka. Magudumu analowa ndendende m'mizere yawo iwiri ija. Anzake anatsatira osacheuka. Iye anatsala yekha tsidya lino.

Thabwa lakale linali pomwe adalisiya, m'mphepete, litayamba ndere. Analiyang'ana nthawi yaitali. Silinali lalitali monga ankaliwonera kale. Munthu akanangoyang'ana kutsidya, osayang'ana pansi, n'kupalasa kawiri katatu, bwenzi atawoloka. Anabweza njinga m'mbuyo pang'ono, naikwera, nalunjika tayala pathabwapo. Tayala litangogunda m'mphepete mwa thabwa, anagwira mabuleki monga kale. Anaponda pansi. Anakhala choncho kamphindi, akumva madzi ochepa akuyenda pansi pa khwawa. Kenako anakhotetsa hendulo nawolokera pa ulalo waukulu.

Kumsewu wa phula anapeza Fainess atakwezedwa kale m'galimoto ya munthu wina wachifundo, Lawrence atakhala pambali pake. Anyamata a kubanki anati ali ndi ukwati masana, napalasa mwamphamvu. Zelipa anabwerera yekha, miyendo ili tang'a, kathumba kakumukanda m'ntchafu. Njinga za makala zimene adakumana nazo m'mawa zinali zikubwerera zopanda katundu, ndipo eni ake ankamupatsa moni wina tsopano, wa pakati pa anthu a ntchito imodzi.

Polowa mu Kapata, mayi wina amene ankachapa pakhomo anaimirira, thovu lili m'manja.

"Amakala! Imani! Kathumbako zingati?"

"Si kogulitsa," anatero Zelipa.

"Nanga mukuyenda nako bwanji pamsewu anthu tili ndi njala ya moto?"

Kunyumba magetsi anali asanabwere. Amayi ake anali pakhonde akusankha nyemba, mbaula ili pambali yozizira, ndi timakala tiwiri totsala tonga mano a mbewa. Ataona kathumbako anaimirira msanga kuposa mmene msana wawo unkawalolera masiku onse.

"Achimwene atumiza?"

"Atumiza. Akuti moni."

Anamasula luzi, natenga khala limodzi lalikulu, naliyeza m'dzanja. Analigogoda ndi linzake, ndipo linalira ngati chitsulo.

"Muwanga uwu," anatero mokondwa. "Awa sathera pamphika umodzi. Si zinyalala za mango zimene akutigulitsa masiku ano." Anayamba kuwasanja m'mbaula. "Nanga nkhalango yako ili bwanji?"

"Mbali ina ilipo."

"Eya, ndi bwino."

Foni inanjenjemera m'chikwama. Anali Lawrence, akulembera gulu lonse: Fainess amuika pulasitala, ali bwino, akutukwana madokotala. Pansi pake anafunsa kuti, poti nthawi yachepa, alendo aja awaitanire liti.

Zelipa anaika foniyo chafufumimba pakhonde. Anavula chipewa cholimba chija, natenga chivundikiro cha ndowa, nagwada pafupi ndi mbaula n'kuyamba kukupiza. Makalawo anachedwa kugwira, monga umachitira mtengo wolimba. Atagwira, anayaka bwino kwambiri, opanda utsi.